Kwa bambo ofuna kumanga sitolo pa Ngabu: za pulani ndi chilolezo cha khonsolo

Bambo, mwafunsa chifukwa chimene mukuyenera kulipira katswiri wojambula mapulani a nyumba, kenako n'kudikiranso chilolezo cha khonsolo ya Chikwawa, chikhalirecho mukungofuna kumanga sitolo ndi zipinda zogona alendo pa Ngabu, ndipo ena oyandikana nanu anamanga popanda zonsezi. Mwadandaulanso kuti mapulani amachedwa kuvomerezedwa. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma ine ndikuona kuti kuchedwa kwambiri kumayamba pulani isanafike n'komwe ku ofesi, chifukwa wojambula ndi akhonsolo amakumana zinthu zitatha kale.

Tiyambe ndi lamulo. Kale lamulo la Town and Country Planning Act la 1988 linkagwira ntchito makamaka m'mizinda ndi m'madera ena osankhidwa, koma Physical Planning Act ya 2016 inaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani. Choncho nyumba ya malonda pa Ngabu, pa Nchalo kapena pa Bangula imafunika chilolezo monga mmene zilili ku Limbe. Oyandikana nanuwo kusafunsidwa lero sikutanthauza kuti sadzafunsidwa, makamaka tsiku limene adzafune lizi kapena ngongole ya kubanki.

Pulani ikafika kukhonsolo siionedwa ndi munthu mmodzi. A za mapulani amaona ngati malowo ndi oyenera malonda, a za malo amafuna umboni woti poloti ndi yanudi, a zaumoyo amaona zimbudzi ndi kumene madzi oipa azipita, ndipo a zomangamanga amaona maziko ndi denga. Zikatero nkhani imapita ku komiti, imene sikhala pansi tsiku lililonse. Tsono taganizani: ambiri mwa akatswiri olembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, bungwe lovomereza akatswiri ojambula mapulani, ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ena amajambula pulani ya kuchigwa kuno atangouzidwa pafoni kukula kwa poloti. Ofesi imodzi ikapeza cholakwika, pulani imakwera chitunda cha Thabwa kukakonzedwa, ikabwera ofesi ina imapezanso china, ndipo msonkhano wa komiti umakhala wadutsa. Kwa munthu wa ku Nsanje, komwe ndi makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Blantyre, ulendo uliwonse wotere ndi ndalama zimene akanagulira simenti.

Pali zinthu za kuno zimene munthu sangazione pa kompyuta. Dothi la makande la ku Ngabu limang'ambika mwezi wa Okutobala mpaka dzanja kulowa m'ming'alu, ndipo mvula ikagwa limafufuma. Maziko amene amakhala bwinobwino pa dothi lofiira la kumtunda, kuno amasuntha, ndiye mumaona mng'alu ukuyambira pangodya ya zenera kutsikira pansi nyumba isanathe n'komwe zaka ziwiri. Kutentha nako kumapitirira madigiri 40, kotero chipinda chogona alendo chokhala ndi malata otsika, chopanda siling'i ndiponso zenera limodzi, palibe mlendo amene angagonemo kawiri. Ngati poloti yanu ili m'mbali mwa M1, dziwaninso kuti mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu ndi malo a msewu, ndipo khonde lolowa m'malo amenewo likhoza kugwetsedwa.

Nkhani yaikulu koposa ndi madzi. Tinaona kusefukira kwa Januwale 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Marichi 2023. Nthawi zonsezi akhonsolo pamodzi ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ankayendera madera okhudzidwa, ndipo mafumu ndi makomiti a m'midzi amadziwa pamene madzi a Shire, Mwanza kapena Ruo anafika. M'malo ena mzere wa matope ukuonekabe pa makoma a masukulu ndi matchalitchi. Nzeru imeneyi ili ndi khonsolo ndi anthu a pamalopo, pamene luso lokweza pansi pa nyumba ndi kulimbitsa maziko lili ndi wojambula. Awiriwa akapanda kulankhulana, wina amajambula nyumba yokongola imene madzi adzalowera pakhomo, wina n'kuikana popanda kufotokoza kutalika kumene akufuna.

Chimene ndingakonde kuona makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje akuchita pamodzi ndi a Malawi Institute of Architects, bungwe la akatswiri ojambula mapulani, si chodula. Pakhale pepala limodzi, m'Chichewa ndi m'Chisena, lonena zonse zofunika kupereka ndi ndalama zake, ndiponso masiku a misonkhano ya komiti adziwike chaka chikamayamba. Koposa apo, wojambula aloledwe kukhala pansi ndi ofesala wa mapulani pensulo isanakhudze pepala, ndipo ndemanga za maofesi onse zituluke pakamodzi, zolembedwa, osati lero ichi mawa icho. Zingathandizenso kukhala ndi mapulani angapo a masitolo ang'onoang'ono ovomerezeka kale, oyenera makande ndi malo osefukira, amene munthu wochepekedwa angagule motchipa. Ophunzira za kujambula nyumba a ku yunivesite ya MUBAS akhoza kuthandiza pa ntchito yotere, ndipo iwonso angaphunzire zambiri atatsikira kuno.

Inuyo musadikire kuti zonsezi zichitike. Musanalipire aliyense, pitani ku ofesi ya za mapulani kuboma ndi zikalata za malo anu, mukafunse ngati polotiyo ndi yololedwa malonda komanso ngati ili m'dera losefukira. Wojambula amene mwamusankha mumufunse ngati ndi wolembetsedwa, chifukwa si aliyense wodziwa kujambula pa kompyuta amene siginecha yake imalandiridwa, ndipo mugwirizane kuti afike pamalopo, akumbe dzenje aone dothi, acheze ndi a gulupu za pamene madzi anafika mu 2023. Mumufunsenso za zomangira, popeza malamulo a 2018 a NCIC, bungwe limene linkayang'anira ntchito za zomangamanga, amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda, ndiye bajeti yanu iwerengere mabuloko a simenti. Ndalama iliyonse yolipira kukhonsolo mutengere lisiti, ndipo musunge kope la pulani lodindidwa tsiku limene mwaipereka, kuti pokafunsa pamene yafika mukhale ndi poyambira.