Ndafomata, pulogalamu yakana kutseguka

Funso: Akulu, ndinafomata hard drive yanga ndiye pulogalamu yowerengera ndalama ikukana kutseguka, ati volume serial number yasintha. Ingabwezedwe?

Yankho: Eya achimwene, bola ngati yakaleyo munailemba penapake. Nambala imeneyi Windows imapanga yatsopano mukangofomata, si ija ya kufakitale yolembedwa pa diski ayi. Tsegulani Command Prompt (kawindo ka mu Windows kolembamo malamulo opatsa kompyuta) ngati administrator mulembe vol C: muiona, imaoneka chonchi 1A2B-3C4D. Kenako dawunilodani VolumeID ya Microsoft Sysinternals, ndi yaulere, mulembe volumeid C: kutsogoloko nambala yakale ija, mukatero muzimitse kompyuta nkuyatsanso poti pa NTFS (mtundu wa kafomatidwe ka diski mu Windows) siisintha pompopompo. Koma ngati simunailembe musavutike ndi zolota manambala, ingoimbirani anakugulitsani pulogalamuwo akukonzereni laisensi.