Anthu wamba ali ndi mawu pa nkhani ya malo ofufuzira za nyukiliya

Akulu, mwafunsa kuti mlimi kapena mphunzitsi angalowererepo bwanji pa malo ofufuzira za nyukiliya pomwe sadziwa sayansi yake. Ine ndikuti ayenera kulowererapo, chifukwa madzi amene amamwa ndi omwewo amene malowo angaipitse.

Taonani zomwe zinachitika ku Brookhaven National Laboratory ku Long Island, m'dziko la America. Mu 1997 zinadziwika kuti tritium, mtundu wa haidrojeni wotulutsa cheza choopsa, inali kudontha kuchokera m'dziwe losungiramo zotsalira za makina a nyukiliya otchedwa High Flux Beam Reactor n'kumalowa m'madzi a pansi pa nthaka. Kudonthako kunali kwa zaka zambiri popanda wochitapo kanthu. Pomwe anthu a ku Long Island amadalira madzi a pansi omwewo.

Akatswiri anati mlingo wake sunali woti n'kudwalitsa anthu. Mwina zinalidi choncho. Koma chimene chinawawa anthu kwambiri n'chakuti anthu amene ankati ndi odziwa zonse sanaone vutolo msanga. Boma linachotsa bungwe lomwe linkayendetsa malowo, mu 1998 kunakhazikitsidwa komiti ya anthu a m'deralo yomwe imakhala pansi ndi akuluakulu a labotale, ndipo mu 1999 makinawo anatsekedwa osatsegulidwanso.

Asayansi ambiri anadandaula, ndipo ndimawamvetsa, popeza makinawo ankathandiza kafukufuku wofunika. Komabe ndalama zomangira n'zamisonkho, ndipo zinyalala zake zimakhalapo kwa mibadwo. Wokhala pafupi safunika digiri kuti afunse kuti zitsime zimayezedwa kangati, ndipo zotsatira zake amaziona ndani.