Chikwama cha ku Joni ndi bokosi la bambo anga

Kalata yanu, achemwali a ku Luchenza, ndaiwerenga katatu. Mukuti alamu anu abwera ndi chikwama cholembedwa Hermès kuchokera ku Joni, akufuna ndalama zonse zomwe mwagawana ku banki mkhonde, ndiye mukufunsa ngati zinthu zodula chonchi zilidi ndi luso kapena timangogula dzina. Mwandigunda pachilonda.

Bambo anga anali kalipentala kufupi ndi Likhubula. Nditasankhidwa kupita ku sekondale anandipangira bokosi la mkungudza lopanda msomali ndi umodzi womwe. M'ngodya anasemamo mano ndi tchizulo, thabwa lina kulowa mwa linzake ngati zala zolukana. Ndimawaonabe akutsitsa chivundikiro, kutchera khutu, kuchichotsa, kupala pang'ono, kuyesanso. Ankafuna chizitsika chokha, mpweya ukutuluka kuti fuu. Masiku atatu pa chivundikiro chokha! Mayi ankalalata kuti ufa watha m'nyumba, iwo ali phee ndi bokosi la mwana. Koma ine ndinkachita nalo manyazi poti anzanga anali ndi masutikesi a zipi. Nditayamba ntchito ndinaligulitsa kwa mlendo wina wodzakwera phiri, ndalamazo n'kukagula chikwama chonyezimira ku Limbe. Dzinja limodzi lokha chinayamba kusupuka ngati njoka yofundula, chogwirira n'kuduka ndikutsika minibasi pa Chitakale. Bambo anamwalira osandifunsako za bokosilo. Mpaka lero fungo la mkungudza likandipeza, pakhosi pamandimanga.

Ndiye luso liliko, ndisakunamizeni. Thierry Hermès anayamba ntchito yake ku Paris mu 1837, akupanga zingwe ndi zomangira akavalo, ndipo kasokedwe ka zikwama za kampani ya Hermès kanachokera komweko. Ulusi umodzi wopaka phula, singano ziwiri, imodzi mbali iyi ina mbali iyo, zikudutsana pa bowo limodzi. Ulusi ukaduka pena, msoko sumasuka. Wa makina uja mukangoukoka umayenda wonse. Mmisiri mmodzi amasoka chikwama chonse yekha, maola oposa 15, n'kudindamo chizindikiro chake. M'mphepete mwa chikopa amapalamo, kupaka, kuumitsa, kupalanso, kangapo konse. Chikakalamba chimabwerera kwa amisiri kukakonzedwa. Nditawerenga zimenezi ndinangoona bambo anga ndi chivundikiro chawo chija.

Koma pali malire pomwe luso limathera, dzina n'kuyamba. Chikwama cha Hermès chotchedwa Birkin chinatuluka mu 1984, ndipo chatsopano chimaposa madola 10,000. Choyambirira chenicheni, chimene ankanyamula Jane Birkin mwiniwake, mayi woimba ndi wochita mafilimu, chinagulitsidwa ku Paris mu 2025 pa mayuro 8.6 miliyoni, chili chokalika ndi chothimbirira. Pamenepo sanagule msoko ayi.

Chaka cha 1984 chomwecho n'chimene mkungudza wa ku Mulanje unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri lathuli. Chiswe sichiudya, suola msanga, zovala mukaziika m'bokosi lake zimatuluka zikununkhira. Anzathu a ku Paris akanakhala nawo mtengo wotere bwenzi akuuwerenga umodziumodzi. Ife tinausenza pamutu kutsika nawo ku Chambe ndi ku Lichenya, matabwa ataliatali, usiku ndi usana, n'kumaugulitsa pa mtengo wa ndiwo. Pofika 2017 owerenga mitengo anapeza ikuluikulu 7 yokha. Isanu ndi iwiri, achemwali! A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri, koma mtengowu umakula mochedwa, ndipo moto wolusa suusiya. Zimandipweteka kuti timasirira dzina la ku France pomwe amisiri athu timawanenerera mpaka kuwatsitsa mtengo ngati akugulitsa tomato wamadzulo. Ine ndinachita zomwezo kwa bambo anga enieni. Ndipo wina akakutsatsani kabokosi ka mkungudza watsopano lero, musagule, ngakhale fungo likukokeni bwanji.

Ndiye mugule kapena ayi?

Ayi. Ndalama za banki mkhonde sizingafike pa chenicheni, ndiye chimene alamu anu anyamulacho n'chongotengera, mwina iwonso anapusitsidwa. Chinunkhizeni, chikopa sichimveka pulasitiki. Yang'anani m'mphepete ngati muli guluu, kokani chogwirira pang'ono muone pamene chalumikizidwa. Mukafuna chikwama chokhalitsa, pezani wosoka nsapato waluso, mugule chikopa chenicheni, mumupemphe asoke pamanja ndi ulusi wa phula, ndipo akatchula mtengo musamunenerere. Changa anandisokera bambo wina wachikulire pa msika wa Limbuli, ndipo zipi yokha ndi imene ndasinthapo kamodzi.