Ndipite ku internship yopanda malipiro kapena ndipitirize geni yanga?

Funso: Ndine mtsikana wa chaka chachitatu ku MUBAS, ndikuphunzira za bizinesi. Ndapeza malo a internship (kuphunzira ntchito) a miyezi itatu pa kampani ina ya holoselo ku Limbe, koma akuti azingondipatsa ya thiransipoti basi. Pa holide ndimagulitsa kaunjika, ndipo ndalama yake ndi imene imandilipirira lendi sukulu ikatsegulidwa. Mayi anga akuti kugwira ntchito yaulere ndi kupusa. Nditani? Ndine wa ku Ndirande.

Yankho: Achemwali, mayi anu sakulakwa kudandaula. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kaunjika amakupatsani ndalama lero, pomwe internship ikungolonjeza za mawa. Komabe ine ndikuti pitani, bola mupite mutakambirana bwino ndi eni kampaniyo.

Tsegulani nyuzipepala muone zotsatsa ntchito. Pafupifupi paliponse akufuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri kapena zitatu. Nanga wongotuluka kumene ku koleji zakazo azitenga kuti? Ndi vuto lomweli limene linachititsa boma kuyambitsa pulogalamu yotumiza achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maofesi ake mu 2018. Inu mwayiwu wakupezani musanamalize n'komwe sukulu, pamene anzanu ambiri adzayamba kuusaka atavula kale gauni.

Koma CV si chinthu chachikulu chimene mukatengeko. Chachikulu ndi zimene maso anu akaone. M'kalasi munaphunzira kuti ndalama za m'buku ziyenera kufanana ndi za kubanki. Ku Limbe mukakhala pa desiki tsiku lomaliza la mwezi, fayilo ya ma invoice ili mbali iyi, sitetimenti ya kubanki mbali inayo, manambala akukana kugwirizana, kunja kukuda. Mukafufuza mpaka mukapeza kuti kasitomala wina analipira pa Airtel Money koma wolandira ndalama sanalembe lisiti. Mukalowa m'nyumba yosungira katundu kukawerenga makatoni a sopo ndi mabelo a shuga limodzilimodzi, n'kupeza kuti kompyuta ikuti alipo 40 pomwe pashelefu pali 37. Atatuwo apita kuti? Funso limenelo likakuphunzitsani zambiri za bizinesi kuposa semesita yathunthu. Mukaonanso mmene ofesi imatekesekera likamayandikira tsiku la 14, pamene msonkho wa PAYE uyenera kufika ku MRA, ndi la 25, tsiku la VAT. Mukamva mmene munthu wodziwa ntchito amaimbira foni kasitomala wangongole, kumukumbutsa mwaulemu koma osamusiya mpaka atalipira.

Zimenezi zidzakuthandizani ngakhale mutadzasankha kudzilemba nokha ntchito. Ndimakumana ndi amalonda ambiri amene katundu wawo amayenda bwino koma mpamba umangosungunuka, chifukwa sadziwa kusiyanitsa ndalama ya bizinesi ndi ya m'thumba, kapena amakongoza anthu popanda polemba. Inuyo mukadzabwerera ku belo lanu la kaunjika mudzaliona ndi maso ena.

Ngati mukuganiza zodzachita maphunziro a akaunti a ACCA, dziwaninso kuti bungwe la ma akauntanti limeneli limafuna miyezi 36 yogwira ntchito yokhudza za akaunti munthu asanakhale membala, ndipo nthawi ya internship ikhoza kuwerengedwa ngati ntchitoyo ndi yoyenera komanso pali wokuyang'anirani wovomerezeka woti asainire. Funsani ngati pakampanipo pali akauntanti wa ICAM (bungwe la ma akauntanti la kuno ku Malawi) kapena ACCA.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amataya miyezi yawo. Pali malo ena kumene wophunzira ntchito amangotumidwa kukagula chakudya cha abwana ndi kujambula mapepala tsiku lonse. Zikakhala choncho mayi anu akhala atanena zoona. Musanayambe, pitani mukakhale pansi ndi amene adzakuyang'anireni. Mufunseni kuti mudzagwira m'dipatimenti iti, ndani adzakuphunzitseni, ndiponso ngati adzakuloleni kugwira Excel ndi pulogalamu yawo ya akaunti, kaya ndi Sage kaya QuickBooks. Pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'kalata, pamodzi ndi tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi ndalama ya thiransipotiyo. Musachite manyazi, safunsa anadya phula. Gulani kabuku kakang'ono muzilembamo madzulo aliwonse zimene mwachita tsikulo. Pa intavyu adzakufunsani kuti munkachita chiyani kwenikweni, ndipo yankho loti ndinkathandiza mu ofesi silidzakupatsani ntchito. Sabata yomaliza pemphani kalata ya umboni mudakali pomwepo, nkhope yanu asanaiiwale.

Chinanso, aliyense wokuuzani kuti mupereke kangachepe kuti akupezereni malo ndi wakuba. Ndipo bwana akayamba kukuitanirani kumalo ogona alendo kapena kukutumizirani mauthenga usiku, sungani mauthengawo, kauzeni a ku sukulu amene amayang'anira ophunzira, muchokepo. Palibe kalata ya umboni yofunika kuposa ulemu wanu.

Za lendi tisazithawe. Tengani pepala muwerengere minibasi ya ku Ndirande kupita ku Limbe ndi kubwerera kwa masiku 22 pa mwezi, muone ngati ndalama akukupatsaniyo ikukwana. Ikapanda kukwana, auzeni ndi manambala m'manja, mwina awonjezera. Nkhomaliro muzinyamula kunyumba. Geni musaitseke: jambulani zovala zabwinozo muziika pa WhatsApp, muzigulitsa Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mkati mwa sabata m'bale wanu wokhulupirika akhoza kukugwirirani mutagwirizana zomupatsa pa chovala chilichonse. Phindu lichepa ndithu, choncho kambiranani ndi eni nyumba padakali pano. Mukatero, aonetseni mayi kalata ya kampaniyo pamodzi ndi pepala lowerengeralo, kuti aone okha mmene lendi ipezekere.