Kodi kusita makomiki kuti akwere giredi n'kopindulitsa? Yankho kwa bambo a ku Chilomoni

Bambo ena a ku Chilomoni andilembera imelo yokhudza katoni ya makomiki imene malume awo anawasiyira. Akuti ndi makomiki a ku America, a Marvel ndi DC, ambiri ndi a m'ma 1970 ndi 1980, ndipo akhala zaka zambiri pamwamba pa wadirobu. Atafufuza pa intaneti anaona kuti anthu akunja amayamba asita makomiki awo asanawatumize kukapatsidwa giredi, ndipo mnzawo wa ku Limbe amene ali ndi makina odindira ma T-sheti wadzipereka kuti awasitire. Akufunsa ngati kusitako kumakwezadi giredi, komanso ngati n'koyenera kulowetsapo ndalama.

Bambo, kusita kumakwezadi giredi, koma pa makomiki ena okha, ndipo ndikukayika ngati ambiri mwa amene ali m'katoni yanuyo angabweze ndalama zimene mungawononge. Ndikukupemphani kuti mnzanuyo ayambe wadikira kaye mpaka mutawasankhula bwino.

Giredi imene mukuinenayo imaperekedwa ndi makampani oyesa makomiki, ndipo yotchuka kwambiri ndi CGC ya ku Sarasota m'chigawo cha Florida, imene inayamba ntchitoyi mu 2000. Ina ndi CBCS, imene inabwera mu 2014. Akatswiri awo amaona chikuto, msana, masitepala ndi masamba onse, kenaka amapereka nambala yoyambira pa 0.5 kulekeza pa 10 n'kutsekera komikiyo m'chikesi cholimba cha pulasitiki. M'munsimu manambala ambiri amakwera ndi theka, monga 6.0, 6.5, 7.0, koma kuyambira pa 9.0 amayenda 9.2, 9.4, 9.6 mpaka 9.8, ndipo 9.9 ndi 10 saonekaoneka. Wogula wa kutali amene sangathe kugwira komikiyo ndi manja ake amakhulupirira nambalayo, n'chifukwa chake mtengo umaitsatira. Action Comics nambala 1 ya mu 1938, momwe munayambira nthano ya Superman, inagulidwa madola 6 miliyoni ku kampani yochititsa okushoni ya Heritage Auctions mu 2024 ili ndi giredi ya 8.5. Pa komiki yotereyi theka la nambala lokha ndi ndalama zochuluka zedi, ndipo apa ndi pamene panachokera khama lonse lositali.

Wosita waluso sangopanikiza komiki ndi chitsulo chotentha. Poyamba amachotsa fumbi ndi zolemba za pensulo ndi labala lofewa, osagwiritsa ntchito madzi. Kenaka amaipatsa chinyontho pang'ono kuti ulusi wa m'pepala ufewe, amalowetsa makadibodi ndi mapepala osamatirira pakati pake ndi kuseri kwa chikuto kuti masitepala asadindike pa masamba, n'kuipanikiza ndi kutentha kosafika pa kwa madzi owira. Akatero amaisiya kuti izizire ili chipanikizire kwa maola ambiri, chifukwa pepala limagwira maonekedwe atsopanowo pamene likuzizira ndi kuuma. Akafulumira kuichotsa, patapita masiku imabwerera mmene inalili, nthawi zina ili kale m'chikesi.

Pali funso limodzi limene muyenera kudzifunsa pa komiki iliyonse: kodi pamene papindikapo, utoto wasweka? Tengani komiki, muyandikire pa windo masana, ndipo muipendeketse kuti kuwala kudutse chopingasa pa chikuto. Mukaona kupindika, kubonyoka kwa zala, mafunde a chinyontho, kapena msana umene wagubudukira kutsogolo chifukwa chowerenga mopinda masamba kumbuyo, koma utoto uli wosadukiza, zimenezo kusita kumatha kuzichotsa kapena kuzichepetsa kwambiri. Mukaona kamzere koyera pamene papindikapo, ndiye kuti inki yathothoka ndipo pepala la pansi laonekera. Mzere umenewo udzakhalapo mpaka kalekale ngakhale komikiyo itaphwatalala bwanji, ndipo woyesa adzauwerengera ndithu. Zili ngati malaya: simbi imachotsa makwinya, koma siisoka pong'ambika ndipo siichotsa banga. Timizere toyera ta pa msana, ngodya zodyeka, pong'ambika, pamene pachoka kachidutswa, utoto umene wasuluka ndi dzuwa, zonsezi zimatsala.

Vuto la makomiki amene akhala ku Blantyre kuno kwa zaka makumi anayi kapena kuposerapo ndi lakuti zilema zake zambiri ndi za gulu lachiwirili. Mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ikatha kumabwera chiperoni m'miyezi yozizira, ndipo pepala limamwa chinyontho chonsecho. Masitepala amachita dzimbiri ndipo dzimbirilo limalowerera m'pepala lozungulira. Pa masamba pamatuluka timadontho tofiirira, nthawi zina nkhungu, ndipo mphemvu ndi njenjete zimanyenya m'mbali. Onjezerani chizolowezi chathu cholemba dzina ndi bolopeni pa chikuto kuti wobwereka abweze, komanso zidindo za masitolo ogulitsa mabuku akale. Komiki imene ili ndi dzimbiri ndi banga la madzi giredi yake imatsekeredwa pansi ndi zilema zimenezo, moti ngakhale makwinya onse atachoka nambala ikhoza kusasuntha, kapena kusuntha ndi theka lokha.

Palinso ngozi yoti kusitako kuwononge zimene zinali bwino. Makomiki a nthawi imeneyo ankadindidwa pa pepala lotchipa lofanana ndi la nyuzipepala, lomwe limakhala ndi asidi ndipo limafiira ndi kuuma likamakalamba, makamaka likamasungidwa pafupi ndi denga la malata pamene pamatentha kwambiri mu Okutobala. Oyesa amalemba mtundu wa masamba pa chizindikiro chimene amaika pa chikesi, kuyambira oyera mpaka ophwanyika. Ngati mwatsegula komiki n'kuona tizidutswa ta pepala tikuyoyoka m'ngodya, imeneyo isayandikire makina. Ikapanikizidwa msana umatha kung'aluka, kapena chikuto kuthothoka pa sitepala, ndipo komiki imene ikanapeza 5.0 imatsikira pansi kwambiri. Makomiki ochindikala a msana wa guluu nawo ndi ovuta, chifukwa kutentha kumafewetsa guluuyo ndipo kupanikiza kumaphwanya msanawo.

Kunena za mnzanu wa ku Limbe, makina akewo si olakwika, pakuti ambiri osita makomiki kunjako amagwiritsa ntchito makina a mtundu womwewo. Chosiyana ndi kagwiritsidwe kake. Podinda T-sheti makinawo amatenthedwa kufika madigiri 150 kapena kupitirira apo, ndipo dzanja limene lazolowera kutentha kumeneko ndi kukanikiza mwamphamvu likhoza kusungunula inki, kuchotsa kunyezimira kwa chikuto ndi kumatanitsa masamba pa mphindi imodzi. Ngati akufunadi kuphunzira, mum'patse makomiki angapo amene mwatsimikiza kuti alibe mtengo kuti aphunzirirepo, ndipo muwaone pakatha sabata ziwiri ngati sanabwerere mwakale. Simbi ya m'nyumba, kaya ya magetsi kaya ya makala, musaiyese n'komwe.

Tsopano tiwerengere ndalama, chifukwa apa ndi pamene ife a kuno timasiyana ndi anthu amene munawerenga nkhani zawo pa intaneti. Munthu wa ku America amalipira wosita, woyesa ndi positi ya m'dziko lake lomwelo. Inu mudzalipira zonsezo mu madola, kuwonjezapo kampani yonyamula katundu kuchokera ku Blantyre, inshulansi ya m'njira, ndiponso ulendo wobwerera ngati mukufuna kuti komikiyo ibwere kwanu. Madolawo mudzawafuna ku banki pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo woyesera nawo umakwera molingana ndi mtengo wa komikiyo, ndipo kudikira kumatha kutenga miyezi. Tingoyerekeza kuti muli ndi komiki imene pa 6.0 imagulidwa madola 40 ndipo pa 7.0 imagulidwa madola 60. Ngakhale kusita kutayenda bwino kotheratu, mwapindula madola 20, amene sangakwane kulipira wosita ndi woyesa, osanenanso za ndege. Ndipo mukaibweretsa kuno ili m'chikesi chake, ogula amene angalipire mtengo wa ku America mudzawapeza kuti? Amene watumiza komiki yamtengo kunja ndi bwino aigulitsire komweko kudzera mwa ochititsa okushoni, ngakhale iwonso amadulapo gawo lawo.

Kusita kumapindulitsa m'malo awiri. Koyamba ndi pamwamba penipeni pa sikelo, pamene komiki yosungidwa bwino kwambiri ingachoke pa 9.4 kapena 9.6 kufika pa 9.8, chifukwa makomiki ambiri a zaka zaposachedwa amakhala ndi mtengo wooneka pa 9.8 pokha. Komiki imene inawerengedwa ndi ana a m'banja lonse siifika kumeneko. Kwachiwiri, ndipo uku ndiye kungakukhudzeni, ndi pa makomiki ochepa amene osonkhanitsa amawalimbirana chifukwa ndi momwe munthu wotchuka wa m'nthano anaonekera koyamba. Chitsanzo cha m'zaka za makomiki anu ndi The Incredible Hulk nambala 181 ya mu 1974, momwe Wolverine anaonekera mokwanira koyamba. Imeneyo ngakhale ili pa giredi yapakati imagulidwa madola masauzande, choncho kukwera ndi theka la nambala kumabweza zonse zimene mwalipira. Koma ngakhale pamenepa tsegulani mkati muone, chifukwa makomiki a Marvel a zaka za 1974 mpaka 1976 anali ndi kachidindo kodula ndi sizasi kotchedwa Marvel Value Stamp, ndipo ana ambiri anakadula. Kakasowa, mtengo umagwa kwambiri ndipo palibe makina angakabwezeretse. Onaninso timalemba tating'ono ta m'munsi mwa tsamba loyamba kuti mudziwe amene anadinda ndi chaka chake, pakuti nthano yomweyo inkadindidwanso kangapo, ndipo zodindidwanso sizikhala ndi mtengo wa yoyambayo. Ena mwa makomiki anu akhoza kukhala ndi mtengo wa ndalama ya ku Britain pa chikuto. Ena mwa amenewo anadindidwa pamodzi ndi a ku America, si achinyengo, koma fufuzani mtengo wake paokha.

Mwina mukudzifunsa ngati kusita si kubera wogula. Osonkhanitsa makomiki anakangana za zimenezi kwa zaka zambiri. CGC siiwerengera kusita ngati kukonza, popeza palibe chimene chawonjezeredwa kapena kuchotsedwa pa komikiyo, ndipo yositidwa imalandira chizindikiro cha buluu chofanana ndi imene sinakhudzidwepo. Kampaniyi ili ndi nthambi yakeyake yositira yotchedwa CCS, imene inayamba itagula bizinesi ya katswiri Matt Nelson mu 2012. Ena amadandaula kuti kampani imodzi ikusita n'kudziyesanso yokha, ndipo ine ndikuona kuti dandaulo lawo lili ndi mutu. Maganizo anga ndi akuti kusita si mlandu, koma wogula akafunsa muzimuuza zoona, ndipo mukamagulitsa komiki imene ilibe giredi muzinena musanafunsidwe. Chimene chili choopsa kwambiri ndi mtima wofuna kuthandiza komiki ndi zipangizo za m'nyumba. Kupaka inki pa kamzere koyera, kumata ndi guluu kapena kudula m'mbali kuti muwongoke, oyesa amazizindikira, ndipo komikiyo imapatsidwa chizindikiro cha pepo chosonyeza kuti inakonzedwa, chomwe chimatsitsa mtengo kuposa chilema chimene munkabisacho. Selotepi nayo imasiya banga limene limalowerera m'pepala.

Choncho yambani ndi kulemba mndandanda wa dzina, nambala ndi chaka cha komiki iliyonse. Mufufuze mitengo imene makomikiwo anagulidwadi, osati imene ogulitsa akuitanitsa: pa msika wa pa intaneti wa eBay pali njira yoonera zimene zinagulidwa kale, Heritage Auctions imasunga mbiri ya malonda ake, ndipo buku la mitengo la Overstreet lakhala likutuluka kuyambira 1970. Pa komiki iliyonse yerekezerani mtengo wa giredi imene mukuiganizira ndi wa giredi yotsatira, ndipo mudzichepetsere theka la nambala, chifukwa mwini wake nthawi zonse amaona komiki yake yokongola kuposa mmene woyesa adzaionere. Mukapeza imodzi kapena ziwiri zimene kusiyana kwake kukuposa ndalama zonse za ulendowo, muzijambule bwino mbali zonse, muzitumize zosasitidwa, ndipo mupemphe kuti akatswiri a kumeneko ayambe aona ngati zingapirire makina asanazisite.

Otsalawo muwatsitse pamwamba pa wadirobupo. Muike iliyonse m'kathumba kake ka pulasitiki koyera pamodzi ndi kadibodi yopanda asidi kumbuyo ngati mungaipeze, muwaimike m'bokosi losathina kwambiri, kutali ndi denga, ndi pansi pa simenti, ndiponso ndi khoma limene limanyowa nthawi ya mvula. Amene ali ndi nkhungu muwapatule kuti asapatsire anzawo. Komiki imene yangopindika pang'ono mungathe kuigoneka pakati pa mapepala oyera n'kutsamiritsapo mabuku olemera kwa milungu ingapo. Imeneyo siikweza giredi, koma imaiwongola mokwanira kuti muiwerenge bwino popanda kulipira kalikonse.