Funsani Odziwa: Buledi wa Anthu a ku Japan

Funso: Pafupi ndi pomwe ndimagwira ntchito kuno ku London atsegula bekale ya anthu a ku Japan. Mitundu ya buledi ndi yambirimbiri ndipo mkati mwake simuoneka. Ndiyambire pati kuti ndisataye ndalama? Ndine mayi wowerenga magazini yanu.

Yankho: Mayi, m'mabekale ambiri otere mumadzitengera nokha. Pakhomo pamakhala thireyi ndi chopanira, ndiye musagwire buledi ndi manja. Ulendo woyamba tengani mitundu inayi basi: anpan, melonpan, kare pan ndi shokupan, yemwe ndi lofu ya buledi woyera wofewa.

Anpan ndi banzi lozungulira lomwe mkati mwake muli nyemba zofiira za azuki zophika ndi shuga. Tikudziwa kuti nyemba za shuga zimadabwitsa munthu amene anakula akudyera nsima, koma lawani kaye. Banzili linayambira ku sitolo ya Kimuraya ku Ginza mumzinda wa Tokyo mu 1874, ndipo pa 4 April 1875 linaperekedwa kwa Mfumu Meiji ya dziko la Japan litaikidwa duwa la mtengo wa sakura lothira mchere pakati. Nyembazo zili pawiri. Koshian ndi zosefa, zochotsa makoko ngati chipere, pamene tsubuan amazisiya ndi makoko, zina zosaphwanyika n'komwe. Woyamba kumene ayambe ndi koshian. Anpan wabwino amalemera m'manja ndipo mukamunyema simupeza mphako yaikulu pakati pa nyemba ndi denga lake. Mphakoyo imabwera nyemba zikakhala zamadzi kwambiri, nthunzi n'kukankha mtanda m'mwamba pophika.

Melonpan alibe vwende ngakhale kuti mawu oti melon amatanthauza vwende, kupatula ngati alemba kuti athiramo. Ndi banzi lofewa lomwe pamwamba amalifunditsa mtanda wa bisiketi, kuwaza shuga n'kulemba mizere yopingasa. Kukoma kwake kuli pa chikhungwacho, choncho mudye tsiku lomwelo. Akagona m'pepala lapulasitiki, chinyezi cha mkati chimakwera m'chikhungwa, shuga n'kusungunuka, pamwamba n'kumamata.

Kare pan ndi wa ndiwo: mkati muli msuzi wolimba wa curry, kunja amamupaka nyenyeswa za buledi zotchedwa panko kenako n'kumukazinga. Ameneyu ndiye woyamba kudya, akadali wofunda. Akazizira mafuta amaundana ndipo amalemera m'kamwa. Pomutenthetsa mugwiritse ntchito uvuni, chifukwa microwave imafewetsa nyenyeswa zija.

Funso: Banja lathu silidya nkhumba. Kodi mabanzi otsekemera tingadye mopanda nkhawa? Ndine bambo wa ku Johannesburg.

Yankho: Bambo, funsani musanagule, ngakhale pa banzi lotsekemera. Soseji, hamu ndi bekoni za m'mabekale a ku Japan kawirikawiri zimakhala za nkhumba, sangweji yotchedwa katsu sando nthawi zambiri imakhala ndi nyama ya nkhumba yokazinga, ndipo curry wa mu kare pan amatha kukhala wa nkhumba kapena wa ng'ombe. Chobisika ndi mafuta: ophika ena amathira mafuta a nkhumba mu mtanda m'malo mwa batala. Amene thupi lawo limadana ndi mkaka kapena mazira asamalenso, chifukwa pafupifupi banzi lililonse lofewa lili ndi chimodzi mwa ziwirizi. Cream pan, yemwe sitolo ya Nakamuraya inayamba kugulitsa mu 1904, ali ndi kasitadi wa mkaka ndi mazira, ndipo sayenera kugona kunja kukatentha.

Funso: Ndinalawa shokupan kwa mnzanga, wofewa mpaka tsiku lachitatu. Wanga ndikaphika, mawa lake wauma kale. Chinsinsi chake n'chiyani? Ndine mtsikana wophunzira zophikaphika.

Yankho: Achemwali, nkhani yagona pa ufa wowaula ndi madzi owira, womwe ku Japan amautcha yudane. Madzi otentha amachititsa sitachi ya mu ufa kutupa ndi kugwira madzi ochuluka, ndipo madzi ogwidwa choterewa satuluka msanga buledi akapsa.

Pa lofu imodzi yezani magalamu 250 a ufa wa buledi, osati wa keke, chifukwa wa keke ulibe mphamvu yokoka. Tapanipo magalamu 50, thiranimo mamililita 50 a madzi ongophula kumene akubwata, takasani mwachangu mpaka ufa wonse ugwirane. Vundikirani, ukazizira ikani m'firiji usiku wonse. Madzi akakhala ongofunda, mwangonyowetsa ufa, simunapange kanthu.

M'mawa sakanizani magalamu 200 otsala aja ndi magalamu 25 a shuga, magalamu 4 a mchere, magalamu 3 a yisiti wouma ndi mamililita 140 a mkaka, n'kuduliramo yudane uja tizidutswa. Kandani kwa mphindi 10 musanaike batala. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: batala akalowa koyambirira amakuta ufa, mtanda sugwirana bwino, buledi amatuluka wonyenyeka. Mtanda ukayamba kusalala ikani magalamu 20 a batala wofewa ndipo pitirizani mphindi zina 10 kapena 15. Umamata m'manja, inde, koma musauthire ufa wina chifukwa ufa woonjezerawo ndiwo umaumitsa buledi. Mudziwa kuti wakwana mukakoka kachidutswa n'kutambasuka mopyapyala, kuwala kumaonekera, osang'ambika.

Usiyeni ufufume mpaka ukule kawiri. Gawani pawiri kapena patatu, upumitseni mphindi 15, tambasulani chidutswa chilichonse, pindani m'mbali n'kukulunga, kenako ndandalikani m'chikombole chopaka mafuta. Ngati chikombole chili ndi chivundikiro, tsekani mtanda ukafika pafupifupi magawo 8 mwa 10 a kutalika kwake. Mukachedwa, ngodya zimatuluka zakuthwa, mkati mothinana, ndipo m'mbali mumaphwa. Mukafulumira, buledi safika pa chivundikiro. Phikani pa madigiri 180 kwa mphindi 30, kapena kupitirirako pang'ono ngati mwavundikira.

Mukangophula, gwetsani chikombolecho kamodzi patebulo kuti nthunzi ituluke, ndipo chotsani bulediyo nthawi yomweyo. Akakhalitsa m'chikombole amachita thukuta, chiuno n'kupindika. Musamudule asanazizire, mpeni ungomuphwanya. Ku Japan lofu yotere amaigulitsa itadulidwa kale. Ku Tokyo ambiri amagula ya magawo 6 kapena 8, ku Osaka amakonda magawo 5 kapena 4 okhuthala, omwe ndi abwino kuwotcha chifukwa kunja kumauma mkati muli mofewa.

Pomusunga, firiji ndi mdani: kuzizira kwake kumaumitsa sitachi msanga kuposa kumusiya pa shelefu. Wa masiku awiri mumangireni m'pepala lapulasitiki atazizira. Wotsalayo dulani, kulungani gawo lililonse palokha, ikani mufiriza, ndipo pofuna kudya muwotcheni akadali wouma ndi chisanu.