Ana ayambe ndi Lion King iti, ndipo pa imfa ya Mufasa tidumphitse?

Sabata yatha mayi wina wa ku Lilongwe ananditumizira imelo. Ana awo awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 9, aonera Mufasa: The Lion King, ija inatuluka mu Disembala 2024, ndipo tsopano akuvutitsa kuti aone zomwe zinatsatira m'nkhaniyo, zimene zili m'mafilimu awiri amene anatuluka kale. Mayiwo akufunsa kuti awaonetse iti, ya makatuni ya 1994 kapena ya 2019 yobwereza nkhani yomweyo, komanso ngati n'koyenera kudumphitsa pamene Mufasa, bambo ake a kamkango Simba, akufa, poti wamng'onoyo sachedwa kulira.

Mayi, funso lanu lachiwirili landigwira pamtima, ndiye mundilole ndiyambe ndi zanga.

Bambo anga anatisiya ndili ndi zaka 8. Ife ana anatitengera kwa azakhali, kutali ndi pasiwa, ndipo palibe wamkulu amene anakhala nafe pansi n'kutiuza chimene chachitika. Ankangoti tisapite uko, tidzamva tikakula. Usiku ndinkamva nyimbo za amayi a kumpingo zikuchokera kwathu, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake, koma popeza palibe ananena, inenso ndinangokhala chete. Sindinalire. Anthu ankandiyamikira kuti mwana uyu ndi wolimba mtima.

Patapita miyezi ingapo ndinapita kutchuthi kwa amalume ku Blantyre. Iwo anali ndi deki ndi sikirini. Nthawi imeneyo wailesi ya kanema ya dziko lino inali isanayambe, inadzayamba mu 1999, choncho sikiriniyo ntchito yake inali ya matepi basi. Tepi ya Lion King imene anabwereka inali yojambulidwa kuchokera ku tepi inzake, mitundu yosuluka, mizere ikuyenda m'munsimu. Chingerezi sindinkachimva kwenikweni. Koma nyumbu zitatsetsereka m'chigwa muja, fumbi litatsika, kamkango kaja kanapeza bambo ake ali gone. Kanawagunda ndi mutu. Kanawakoka khutu. Kanathamanga kukuwa kuti wina athandize, ndipo panalibe woyankha. Kenako kanabwerera, kanalowa pansi pa dzanja la bambo ake n'kugona pomwepo. Apa ndi pamene ndinalira maliro a bambo anga, miyezi itapita, pamkeka pabalaza la eni. Amalume anadzuka kuti azimitse. Akazi awo anawaletsa, anandinyamula n'kundikhazika pamiyendo ngakhale ndinali wamkulu kale, ndipo filimuyo inapitirira mpaka kumapeto.

Ndiye mukandifunsa za kudumphitsa, sindingayankhe ngati munthu wongoonera mafilimu. Musadumphitse. Poyamba ndimati ndilembe kuti zitengera mwana, koma ayi, ndikunena ndithu kuti musadumphitse. Kwathu kuno ana timawabisira imfa kwinaku imfayo ikuwadutsa pakhomo tsiku ndi tsiku. Mwana wa zaka 6 kulira ali pamiyendo pa amayi ake chifukwa cha mkango wojambula si chinthu chomuvulaza.

N'chifukwa chakenso ya 2019 sindiikonda, ndipo ndaioneranso posachedwapa ndi mwana wanga wamkazi kuti ndione ngati ndinkailakwira. Sindinkailakwira. Wotsogolera filimuyo, Jon Favreau, ndi anzake anapanga nyama za pakompyuta zooneka ngati zenizeni, ubweya uliwonse ukugwedezeka ndi mphepo, moti ukhoza kuyesa kuti anakajambula kumalo osungirako nyama. Luso lilipo, sindikukana. Koma mkango weniweni ulibe nsidze zokweza, sukwinya nkhope ngati munthu, sugwetsa misozi. Simba wa 1994 anajambulidwa ndi manja a anthu, ndipo anthuwo anamupatsa maso otha kutuzuka ndi mantha, makutu ogwa, misozi yotsika m'masaya. Wa 2019 amafika pa mtembo wa bambo ake, mawu akulira koma nkhope ili phee ngati mphaka woothera dzuwa. Mwana wanga anangoyang'ana n'kupitiriza kudya chimanga chake. Ya 1994 ndi ya mphindi 88, iyi ndi ya mphindi 118, ndipo theka la ola lowonjezeralo lapita ku zinthu monga kutsatira kaubweya ka Simba kakuuluka, kakudyedwa ndi kadyamsonga, kakutuluka m'ndowe, mpaka kukafika kwa Rafiki, nyani wanzeru wa m'nkhaniyi.

Oyankhula ake si oipa. John Kani wa ku South Africa anamukhalitsa bwino Rafiki. James Earl Jones anabwereranso kudzayankhula ngati Mufasa monga anachitira mu 1994, ndipo anamwalira mu Sepitembala 2024 ali ndi zaka 93. Scar, mbale woipa wa Mufasa, anayankhulidwa ndi Chiwetel Ejiofor, yemwe chaka chomwecho anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, m'mene anayesetsa kuyankhula Chichewa. Munthu ameneyu ndimamulemekeza. Koma mawu abwino akamatuluka pankhope yosasuntha amangomveka ngati wailesi yoikidwa kumbuyo kwa chithunzi.

Wina anandiuza kuti iwe ukungokonda zakale chifukwa unaonera uli mwana. Ndaganizirapo, ndipo sindikuvomera. Kubwereza nkhani si tchimo. Ife tinakulira nthano zobwerezedwa. Agogo anga ankati akangonena kuti padangokhala, ife n'kuyankha kuti tili tonse, tinkadziwa kale kuti Kalulu amupusitsa Fisi. Koma nthanoyo sinkakhala chimodzimodzi usiku uliwonse. Ngati wina mwa ife waba ndiwo mumphika masana, Fisi wa usiku umenewo ankakhala wosusuka kwambiri, ndipo agogo ankamuyang'ana wolakwayo pofotokoza. Ankabwereza chifukwa anali ndi chonena kwa ana amene akhala patsogolo pawo. Ya 2019 ilibe chonena chatsopano kwa aliyense. Yangotsata mapazi a ya 1994, chithunzi ndi chithunzi, ndipo inapeza ndalama zoposa madola 1.6 biliyoni. Pamenepo ndi pamene pali yankho la chifukwa chimene inapangidwira.

Nkhani ya ndalamayi imandikumbutsa Solomon Linda. Nyimbo ija Timon ndi Pumbaa, anzake a Simba, amaimba ya mkango wogona inachokera ku Mbube, imene Linda anajambula ku Johannesburg mu 1939. Iye anamwalira mu 1962 ali wosauka, nyimbo yake ikulemeretsa anthu kutsidya kwa nyanja. Banja lake linakasuma mu 2004 ndipo nkhaniyo inatha mwa mgwirizano mu 2006. Ndikamva woimba Lebo M akutsegula filimu ndi mawu ake a Chizulu aja, tsitsi limandiimabe, koma za Linda sindiziiwala, ndipo mwana wanu wa zaka 9 ndi wamkulu mokwanira kuti mumuuze.

Sindikunena kuti gawo lililonse lotsatira ndi lachabe. Inside Out 2 ya 2024 inandikhutiritsa, chifukwa mtsikana uja Riley wakula, wafika zaka 13, ndipo m'mutu mwake mwalowa Nkhawa imene kale munalibe. Panali chifukwa chobwererako. Moana 2 ndiye ayi. Inayamba ngati magawo oonetsa pa Disney+ kenako anaisoka kukhala filimu imodzi, ndipo misoko yake imaoneka.

Za Mufasa imene ana anu aona kale

Iyi ndi yabwinoko kuposa ya 2019. Wotsogolera wake, Barry Jenkins, anali ndi nkhani yakeyake, ya kamkango kotengedwa ndi madzi osefukira n'kuleredwa pakati pa alendo, ndipo nkhope za nyama anazimasulako pang'ono. Chimene chinanditopetsa ndi kufuna kufotokoza chilichonse: Scar chipsera anachipeza bwanji, Rafiki ndodo anaitola kuti, thanthwe lija linaima bwanji. Palibe mwana amene anasowapo tulo chifukwa cha ndodo ya Rafiki. Ndipo kusandutsa udani wa abale awiri kukhala nsanje yolimbirana mkazi, Sarabi, ndinaona kuti achepetsa nkhani yaikulu.

Koma pali chinthu chimene muyenera kuchidziwa, mayi, chimene ine ndili mwana sindinakumane nacho. Ife Scar tinamupeza ali woipa kale. Ana anu amamudziwa ngati Taka, kamkango kansangala kamene kanapulumutsa Mufasa m'madzi n'kumutenga ngati mbale wake. Anamuona akugwira manja a Mufasa kuti amuvuule. Tsopano adzaona manja omwewo akugwidwa paphompho, zikhadabo zikulowa, ndipo ulendo uno akumuponya. Kwa iwo idzakhala imfa ya bambo komanso kuperekedwa ndi mbale amene amamukonda, zonse pakamodzi. Mwana wanu wamkuluyo ndi amene ndikumuganizira kwambiri pamenepa, osati wamng'onoyo, chifukwa ndi amene adzalumikize ziwirizi, ndipo mwina sadzalira, adzangokhala chete.

Tsono aonetseni ya 1994, masana osati usiku, inu muli pomwepo osati kukhitchini. Musanayambe auzeni kuti muli malo achisoni, Mufasa amwalira, ndipo wofuna kulira alire. Scar akadzamuuza Simba kuti imfayo yachitika chifukwa cha iye, imitsani pang'ono n'kunena momveka kuti akunama, mwanayo sanalakwe, chifukwa ana amatenga mawu otere n'kuwasunga. Ya 2019 aione mtsogolo ngati aifuna okha. Ndipo mundilemberenso mundiuze zomwe wa zaka 9 uja wanena za Taka.